Musanagule chomera cha m'nyumba, yambani mwafunsa kwawo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ena angaione ngati yachabe, koma imene ikukhumudwitsa anthu ambiri amene angoyamba kumene kukonda zomera za m'nyumba. Masiku ano si zachilendo kupeza munthu ataika timiphika titatu pazenera, kena muli chomera chodya tizilombo, kena muli kakitasi waminga, ndipo kachitatu muli kamtengo kooneka kokalamba ngakhale kuti msinkhu wake suposa mkono, kamene amakatcha bonsai. Ogulitsa amaika zomera zimenezi pa shelefu imodzi, zithunzi za pa intaneti zimazionetsa zili pamodzi, ndipo wogula amabwerera kunyumba akuganiza kuti popeza zonse n'zazing'ono komanso n'zachilendo, kasamalidwe kake n'kamodzi. Ine ndinali mmodzi wa anthu oganiza chomwecho, ndipo ndinapha zomera zitatu m'miyezi inayi yokha. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti chomera chilichonse chimalowa m'nyumba chitanyamula malamulo a kwawo, ndipo munthu amene sanafunse kuti kwawoko n'kotani amachipha pochichitira zimene iyeyo akuyesa chifundo.

Tsiku limene ndinagula zomera zanga zoyamba ndinalowa m'sitolo ndi cholinga chogula chimodzi, koma paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndinatulukamo nditanyamula zitatu. Wogulitsa anangondiuza kuti ndizizithirira zikauma ndiponso kuti ndisaziike padzuwa kwambiri, ndipo ineyo sindinafunse chilichonse. Ndinaziika patebulo pakati pa chipinda chochezera kuti alendo aziziona, ndipo mmawa uliwonse ndinkazithira madzi a pampopi mofanana, ngati kholo logawira ana ake mosakondera kuopa kuti wina angadandaule. Patapita milungu iwiri ndinathiramo feteleza pang'ono, ndikuganiza kuti zikula msanga. Pa zinthu zonse zimene ndatchulazi, palibe ngakhale chimodzi chimene chinali choyenera kwa zomera zonse zitatu, ndipo zina mwa izo zinali poizoni weniweni.

Choyamba kufa chinali chodya tizilombo chija, chimene pa Chingerezi amachitcha Venus flytrap, pamene akatswiri a zomera amachidziwa ndi dzina lakuti Dionaea muscipula. Pa dziko lonse lapansi, kwawo kwenikweni kwa chomera chimenechi ndi dera limodzi laling'ono la m'zigawo za North Carolina ndi South Carolina ku America, kuzungulira mzinda wa Wilmington. Kumeneko chimamera m'madambo amchenga onyowa chaka chonse, a dothi la asidi komanso losauka kwambiri, m'malo a poyera amene moto wa m'tchire umaotcha zitsamba nthawi ndi nthawi moti dzuwa limafika pansi popanda chotchinga. Mphamvu zake chimapeza ku dzuwa ngati chomera china chilichonse chobiriwira, ndipo tizilombo chimatigwira pofuna nayitrogeni ndi fosiforasi, zimene dothi la kwawo lilibe. Munthu akamvetsa mfundo imodzi yokhayi, malamulo ena onse amadzifotokoza okha. Mizu imene inazolowera dothi losauka chotere siipirira mchere, choncho feteleza amaipsereza, manyowa amaipsereza, ndipo dothi logula m'mathumba limene linakonzedwera maluwa wamba nalonso limaipsereza chifukwa limakhala ndi feteleza kale.

Nkhani ya madzi ndiyo imene imapha zomera zambiri za mtunduwu mwakachetechete. Madzi a pampopi kapena a pachitsime, ngakhale aoneke oyera mbee ndipo akhale abwino kwa munthu, nthawi zambiri amakhala ndi laimu ndi michere ina yosungunuka, ndipo madziwo akamauma mumphika micherezo imatsala m'dothi n'kumachulukirachulukira mpaka mizu itafa. Amene akhala akusamala zomerazi kwa nthawi yaitali amalangiza kuti michere ya m'madzi isapitirire magawo 50 pa miliyoni, ndipo pali kachipangizo kakang'ono konga cholembera kamene munthu amaviika m'kapu n'kuwerenga nambala yake. Kuwiritsa madzi sikuchotsa vutoli monga mmene ambiri amaganizira, chifukwa chimene chimauluka ngati nthunzi ndi madziwo, osati mchere. Madzi akumwa a m'mabotolo nawonso ambiri ali ndi michere yomweyo. Chofunika ndi madzi a mvula osungidwa m'chotengera chaukhondo, kapena madzi otchezedwa. Mphika umakhala wapulasitiki wobooka kunsi, dothi lake limakhala peat (zotsalira za ndere ndi zomera zina zoolerana m'madambo) yopanda feteleza yosakaniza theka kwa theka ndi mchenga wotsuka bwino kapena timiyala toyera topepuka totchedwa perlite, ndipo mphikawo umakhazikidwa m'kambale kokhala ndi madzi okwana sentimita imodzi kapena awiri kuti dothi lizikoka chinyezi kuchokera pansi monga zimakhalira m'dambo.

Ndikuvomereza kuti chinanso chimene chinafooketsa chomera changacho chinali chala changa ndi zala za alendo. Msampha wa Venus flytrap ndi tsamba la mbali ziwiri, ndipo munthu akaliyang'anitsitsa pafupi amaona tiubweya tolimba, kawirikawiri titatu mbali iliyonse, taima mkati mwa chofiira chija. Kaubweya kamodzi kakagundidwa kamodzi palibe chimachitika, chifukwa mwina langokhala dontho la mvula kapena kachitsotso. Kakagundidwa kachiwiri pasanathe masekondi pafupifupi 20, tsambalo limatsekeka sekondi imodzi isanathe, ndipo mano a m'mphepete amalowana ngati zala za manja awiri opingasa. Poyamba silitseka kotheratu, moti kachilombo kochepa kwambiri kamene sikoyenera kutayirapo mphamvu kamatha kupulumukira m'mipata ya manowo. Kachilombo kokulirapo kakamaphupha mkatimo kamapitiriza kugunda tiubweya tija, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya Würzburg ku Germany anasonyeza mu 2016 kuti chomerachi chimachita ngati chikuwerengera, moti kugunda kukafika kasanu timadzi togaya chakudya timayamba kutuluka. Kugayako kumatenga masiku 5 mpaka 12, kenako msampha umatseguka utangotsala ndi chikhungwa chouma cha kachilomboko.

Msampha uliwonse umatha kutseka ndi kutseguka maulendo owerengeka okha usanade n'kufa, choncho munthu amene amauseweretsa kuti asangalatse alendo akuwononga chinthu chimene chomeracho chinatenga milungu kuti chipange. Kuupatsa kachidutswa ka nyama n'kolakwikanso, chifukwa mafuta ake amaoletsa tsamba lonse. Kachilombo kamodzi kamoyo, kosaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kukula kwa msamphawo, kamodzi kapena kawiri pa mwezi, n'kokwanira, ndipo chomera chimene chikulandira dzuwa lokwanira sichifa ngakhale chitakhala miyezi osagwira kanthu. Charles Darwin, amene anathera zaka zambiri akuika tinthu tosiyanasiyana pamasamba a zomera zoterezi kuti aone mmene zichitire asanasindikize zotsatira zake mu 1875, anachiika chomerachi m'gulu la zomera zodabwitsa kwambiri padziko lapansi. Ndikugwirizana naye, koma sindigwirizana ndi amene amachigulitsa ngati chomera choyambira. Kwawo kuja kumazizira, ndipo chaka chilichonse chimafunika kugona kwa miyezi itatu kapena inayi pamalo ozizira osapitirira madigiri 10 Celsius, nthawi imene masamba ambiri amada moti osadziwa amachitaya poganiza kuti chafa. Chikamanidwa tulo timeneti chimafooka chaka ndi chaka mpaka kutha, ndipo kumadera kumene sikuzizira chotero eni ake amachita kuchisunga m'furiji, ntchito imene si yoyenera kuyambira munthu wongophunzira.

Munthu wofuna kuyamba ndi chomera chodya tizilombo ndingamulangize Drosera capensis, chimene kwawo ndi ku chigawo cha Cape ku South Africa. Sichifuna kugona m'nyengo yozizira, chimapirira zolakwa zambiri za mwini wake, ndipo chikachita maluwa chimawaza njere zake zonga fumbi m'miphika yonse yoyandikana nayo. Masamba ake ndi aatali ngati timalamba, odzaza ndi tiubweya tofiira, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kumakhala kadontho konyezimira ngati mame. Si mame ayi, ndi ulimbo. Kantchentche kakaterapo kamakakamira, tiubweya toyandikira timaweramira pamene kali, ndipo pang'ono ndi pang'ono tsamba lonse limapindika n'kukakulunga. Chimene ndimachikondera kwambiri n'chakuti sichibisa mavuto ake: chikamalandira kuwala kokwanira tiubweya timafiira ndipo madontho amachuluka, koma kuwala kukachepa masamba amauma ulimbo n'kusanduka obiriwira mofooka, moti wophunzira amadziwa msanga kuti walakwitsa. Palinso Nepenthes, amene kunsonga kwa masamba ake kumalendewera timitsuko togwira ntchito ngati mbuna, toterera m'milomo ndiponso tokhala ndi timadzi pansi. Mitundu yambiri ya Nepenthes imachokera kuzilumba za Borneo ndi Sumatra, ina ku Madagascar, ndipo imafuna mpweya wachinyezi ndi kuwala kosapsereza, koma mizu yake siyenera kukhala m'kambale ka madzi ngati anzake aja. Kachivundikiro kamene kali pamwamba pa kamtsuko sikatseka ayi, ntchito yake yaikulu ndi kuchepetsa madzi a mvula olowamo. Ndipo amene akuganiza zogula zomerazi kuti zimuthere ntchentche ndi udzudzu m'nyumba asadzivute, chifukwa zimadya zochepa kwambiri.

Kakitasi wanga anafa imfa yosiyana kotheratu, ndipo anafa ndi madzi omwewo amene dambo limakondwera nawo. Kwa milungu ingapo ankaoneka bwinobwino, mpaka tsiku lina nditamukhudza ndi kamtengo anangopendekeka n'kugwa, ndipo kunsi kwake kunali kofewa, kwakuda, konunkha, mizu itasungunuka kalekale. Akakitasi onse kwawo ndi ku North America ndi South America, kuyambira ku Canada mpaka ku Patagonia, kum'mwera kwenikweni kwa South America, kupatulapo mtundu umodzi wokha wotchedwa Rhipsalis baccifera umene umapezekanso wokha mu Africa, ku Madagascar ndi ku Sri Lanka. Ambiri mwa amene amagulitsidwa m'timiphika anazolowera malo kumene mvula imabwera mwa apo ndi apo, dothi n'kuuma msanga. Thupi lawo lonenepa ndi nkhokwe ya madzi, minga ndi masamba amene anasintha, ndipo timabowo topumira timene zomera zina zimatsegula masana iwo amatsegula usiku kukazizira, kuti asataye chinyezi. Mizu yawo inapangidwa kuti imwe msanga kenako ikhale pouma, motero ikakhala m'dothi lonyowa masiku ambiri imasowa mpweya n'kuyamba kuola, ndipo kuolako kumakwera m'thupi mwini wake asanazindikire.

Komabe pali cholakwa china chimene amachita anthu amene anamvapo chenjezo limeneli, ndicho kumupatsa kakitasi madzi a m'kasupuni mlungu uliwonse. Madzi ochepa chotero amangonyowetsa pamwamba osafika ku mizu. Njira yoyenera ndi kuthira madzi ambiri mpaka atulukire pabowo la kunsi, kutaya amene atsala m'kambale, kenako osathiranso mpaka dothi lonse litauma kufika pansi. Ine ndimalasa kamtengo kouma m'dothi n'kukazula, ndipo kakatuluka kali ndi chinyezi kapena dothi litamatirira ndimadikira masiku ena. M'nyengo yozizira, pamene akakitasi ambiri amasiya kukula, madzi amachepetsedwa kwambiri mwinanso kusiyiratu, ndipo kupuma kouma ndi kozizira kumeneku n'kumene kumathandiza mitundu yambiri kudzachita maluwa. Dothi lawo liyenera kukhala losasunga madzi, pafupifupi theka likhale timiyala ting'onoting'ono kapena mchenga wokhakhala, osati mchenga wosalala umene umagwirana ngati simenti ukanyowa. Mphika wopanda bowo, ngakhale ukongole chotani, ndi manda a kakitasi. Tizilombo toyera tonga thonje tikayamba kubisala pakati pa minga, kathonje koviika mu sipiriti kamatichotsa, koma munthu ayenera kuyang'ananso ku mizu chifukwa tina timakhala kumeneko.

Ngakhale dzina lakuti kakitasi palokha silikwanira kuuza munthu zochita, ndipo apa m'pamene kufunsa kwawo kwa chomera kumaonekera phindu lake. Schlumbergera ndi kakitasi weniweni, koma kwawo ndi m'nkhalango za m'mapiri a m'mphepete mwa nyanja ku Brazil, kumene amamera pa nthambi za mitengo ndi pamiyala pamthunzi, choncho womuika padzuwa lamphamvu n'kumumana madzi ngati wa m'chipululu amamuzunza. Kumbali ina, zomera zambiri zaminga zimene zimagulitsidwa ngati akakitasi ndi za banja la nkhadze, lotchedwa Euphorbia. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: minga ya kakitasi imatuluka m'timagulu pa kachinthu kofewa konga kapilo kaubweya, pamene za banja la nkhadze zilibe kapilo kameneko ndipo zikavulala zimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka umene umaotcha khungu ndipo ndi woopsa kwambiri m'maso. M'nyumba mokhala ana aang'ono kusiyana kumeneku si nkhani yongodziwa chabe. Wogula achenjerenso ndi maluwa ouma omatidwa ndi guluu pamutu pa kakitasi kuti aoneke ngati wachita maluwa, komanso adziwe kuti timipira tofiira ndi tachikasu tija timene timakhala pamwamba pa tsinde lobiriwira ndi zomera ziwiri zomezanitsidwa. Kapamwambako ndi Gymnocalycium wopanda kubiriwira kodzipangira chakudya, amene amadalira mnzake wapansiyo, ndipo kawirikawiri mgwirizanowo umatha pakangopita zaka zochepa.

Imfa imene inandipweteka kwambiri inali ya bonsai, chifukwa ndinapitiriza kuthirira mtengo umene unali utafa kale. Unali wa mtundu wa juniper, ndipo mitengo imeneyi imakhalabe yobiriwira kwa milungu ingapo mizu itafa. Masamba atayamba kuthothoka ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, ndipo mmalo mwa kubiriwira konyowa ndinapeza mtengo wouma gwa. Ambiri amaganiza kuti bonsai ndi mtundu wapadera wa mtengo wosakula, koma si choncho. Mawuwa ndi a Chijapanizi ndipo amatanthauza chobzalidwa m'mbale kapena mumphika wosaya. Luso limeneli linayambira ku China, kumene amalitcha penjing, ndipo pakhoma la manda a kalonga Zhanghuai a m'chaka cha 706 pali chithunzi cha antchito atanyamula timitengo m'mbale. Kuchokera kumeneko linafika ku Japan, kumene linakula n'kukhala mmene tikulidziwira lero. Mtengo wa bonsai ndi mtengo wamba, umene utabzalidwa pansi n'kusiyidwa ungakule ngati anzake, ndipo umakhala waung'ono chifukwa chodulira nthambi, kudula mizu ndi kuukhazika mumphika wochepa. Ngati ndi mtengo wamba, ndiye kuti umafunanso zimene mtengo wamba wa mtundu wake umafuna. Juniper, paini ndi maple ndi mitengo ya panja, yofuna dzuwa, mphepo ndi nyengo yozizira yopumira, ndipo kuiika m'chipinda chochezera chaka chonse ndi kuipha pang'onopang'ono.

Imene imatha kukhala m'nyumba ndi yochokera kumadera otentha, ndipo woyamba kumene angachite bwino kusankha Ficus, wa banja la mkuyu ndi kachere, chifukwa amapirira kuwala kochepako ndipo akadulidwa amaphukira msanga. Portulacaria afra, wa masamba onenepa wochokera kum'mwera kwa Africa, nayenso amakhululukira munthu woiwala kuthirira. Pa nkhani ya madzi bonsai satsatira lamulo la dambo kapena la chipululu. Mphika wake ndi wosaya ndipo dothi lake ndi la timibulu totaya madzi msanga, choncho mwini wake ayenera kulikhudza ndi chala tsiku lililonse n'kuthirira mokwanira pamwamba pakayamba kuuma, osati potsatira kalendala. Feteleza amene amapha Venus flytrap ndi wofunika kwa bonsai m'nyengo yokula, chifukwa m'dothi lochepa chotero chakudya chimatha msanga. Mtengo waung'ono umazulidwa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mizu ina n'kudulidwa, kawirikawiri yosapitirira gawo limodzi mwa atatu, n'kubzalidwanso m'dothi latsopano. Waya wa aluminiyamu kapena kopa amene amakulungidwa pa nthambi kuti ikhote mmene mwini akufunira ayenera kuchotsedwa asanalowe m'khungwa, chifukwa chipsera chake chimakhala zaka. Ngati pamwamba pa dothi pali timiyala tomatidwa ndi guluu, monga zinalili ndi wanga uja, tichotsedwe tsiku lomwelo, chifukwa timalepheretsa munthu kudziwa ngati dothi lauma.

Maganizo anga ndi akuti chaka choyamba munthu asagwire sizasi kwenikweni, angophunzira kusunga mtengowo wamoyo m'nyengo zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu mzinda wa Washington, kumalo osungirako mitengo a National Arboretum, kuli mtengo wa paini umene wakhala ukusamalidwa ngati bonsai kuyambira mu 1625. Unali ku Hiroshima, kunyumba ya banja la Yamaki, pamene bomba la atomiki linaphulika mu 1945, ndipo unapulumuka. Masaru Yamaki anaupereka ku America mu 1976 osanena chilichonse za bombalo, mpaka zidzukulu zake zinadzaulula mu 2001 zitapita kukauona. Chimene chimandigwira mtima pa mtengo umenewu si bomba lija kwenikweni, koma kuti kwa zaka pafupifupi 400, m'mibadwo yonse imene unadutsamo, panali munthu wouyang'anira osautaya ngakhale kwa mlungu umodzi wa dzuwa lotentha. Amene amayenda maulendo ataliatali kawirikawiri, popanda womusiyira zomera, aganize kawiri asanagule bonsai, ndipo mwina kakitasi ndiye angamuyenere.

Chinthu chimodzi chokha chimene magulu onse atatu amagwirizana ndi njala ya kuwala, ndipo pamenepa m'pamene tebulo langa la pakati pa chipinda linalakwira onse mofanana. Maso a munthu amazolowera mdima msanga, moti chipinda chimene ife timachiona chowala chimakhala ngati madzulo kwa chomera chozolowera dzuwa la poyera, ndipo kuwala kumachepa kwambiri munthu akangochoka pazenera masitepe awiri. Kakitasi wosowa kuwala amatalika mowonda kumutu, amayezuka, minga n'kuchepa, ndipo mbali imene yawonda chotero siidzanenepanso. Kwa okhala kum'mwera kwa equator, zenera loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa lambiri pa chaka, ndipo kwa okhala kumpoto ndi loyang'ana kum'mwera. Kumene zenera lotere kulibe, getsi la LED lopangidwira zomera, loyaka maola 12 mpaka 14 patsiku ndipo loikidwa pafupi ndi masamba, limathandiza. Koma chomera chimene chakhala pamthunzi m'sitolo chisatulutsidwe padzuwa lamphamvu tsiku limodzi, chifukwa ngakhale kakitasi amapsa n'kukhala ndi zipsera zoyera zosatha. Chizizolowetsedwa pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu. Za mabotolo agalasi otseka amene ena amabzalamo akakitasi pamodzi ndi ndere sindinenapo zambiri, chifukwa wowerenga amene wafika pano akutha kuona yekha kuti chinyezi chotsekeredwa chimathera pati.

Funso lakuti chomerachi kwawo n'kuti lili ndi mbali ina imene sindingailumphe, ndiyo yakuti chinafika bwanji m'manja mwa wogulitsa. Kafukufuku wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti mitundu 31 mwa 100 iliyonse ya akakitasi ili pangozi yotheratu, ndipo chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu ndi anthu ozula zomerazi m'tchire kuti akagulitse kwa ozikonda. Mu 2020 apolisi a ku Italy anagwira akakitasi oposa 1,000 amene anabedwa m'chipululu cha Atacama ku Chile, ndipo ambiri mwa iwo anabwezedwa kwawo chaka chotsatira. Ku North Carolina, kuyambira mu 2014, kuzula Venus flytrap m'tchire popanda chilolezo ndi mlandu waukulu wotha kulowetsa munthu m'ndende. Pafupifupi akakitasi onse, pamodzi ndi Dionaea ndi Nepenthes, ali m'ndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zamoyo pakati pa mayiko, choncho woitanitsa zomerazi kuchokera kunja kudzera pa intaneti ayenera kudziwa kuti pamafunika zikalata, ndipo katundu wopanda zikalatazo amalandidwa pachipata. Palibe chifukwa choti woyamba kumene alowe m'zimenezi, popeza mitundu yonse imene ndalangiza pamwambapa imachulukitsidwa mosavuta m'manazale kuchokera ku njere kapena ku nthambi. N'zomvetsa chisoni kuti chikondi cha anthu ngati ife n'chimene chikupulula zomera zina kwawo.

Pempho langa, Akonzi, likupita kwa ogulitsa. Pa mphika uliwonse pakhale kachikwangwani kolembedwa dzina lenileni la chomeracho monga akatswiri amachitchulira, dera limene chinachokera, madzi amene chimafuna, komanso ngati ndi cha m'nyumba kapena cha panja. Dzina lenilenilo ndi lofunika chifukwa ndi lokhalo limene wogula angafufuzire n'kupeza malangizo olondola, pamene mayina okometsera malonda amasocheretsa. Wogulitsa woganiza kuti chomera chikafa wogula adzabweranso kudzagula china akudzinamiza, chifukwa ambiri mwa anzanga amene zinawafera anangonena kuti alibe dzanja la zomera n'kusiyiratu.

Ine ndinayambiranso ndi mphika umodzi wa Drosera capensis, ndipo ndinakhala nawo chaka chathunthu ndisanawonjezere kanthu. Kenako ndinagula kakitasi wa mtundu wa Mammillaria, amene chaka chathachi anachita timaluwa tofiirira tozungulira kumutu ngati nkhata, ndipo pomaliza ndinabweretsa Ficus amene mpaka pano sindinamukulungepo waya. Onse atatu ali pazenera limodzi tsopano, koma pansi pa zeneralo pali mabotolo awiri, lina la madzi a mvula limene ndinalimanga kansalu kofiira pakhosi, lina la madzi a pampopi, ndipo aliyense wa m'nyumba mwanga anauzidwa kuti ndikachokapo botolo la kansalu ndi la chomera cha mame, linalo ndi la Ficus, ndipo kakitasi asamupatse kalikonse mpaka ndibwere.

Ine wowerenga wanu,
Wokonda zomera za m'nyumba